Mwana wa ku Makhanga akasiya kuyankhula, apite kwa yani?

Awa ndi mau amene adakambidwa pa msonkhano wa anthu a ku chigwa cha Shire okhala mu mzinda wa Blantyre.



Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya anthu amene matenda awalanda mau, komanso ya akatswiri amene ntchito yao ndi kuwathandiza kuti ayambenso kuyankhula. Pa Chingerezi akatswiriwa amatchedwa ma speech therapist. Muno m'Malawi ndi owerengeka, ndipo ochepawo amapezeka kwambiri mu Blantyre ndi mu Lilongwe, pamene odwala ali mbwee kumudzi.

Tonse tikudziwa kuti Chikwawa ndi Nsanje ndi kuchimake kwa udzudzu. Malungo akalowa mu ubongo, mwana amakomoka, ndipo akatsitsimuka makolo amathokoza Mulungu nkubwerera kwao. Koma mu 2010 madokotala ofufuza a Blantyre Malaria Project, pa chipatala cha Gulupu, adalengeza kuti mwa ana atatu alionse opulumuka malungo a mu ubongo, pafupifupi mmodzi amatsala ndi vuto, monga khunyu, kulumala, kusokonekera khalidwe kapena kulephera kuyankhula bwino. Onjezanipo agogo amene sitiroko yawamanga lilime, ana obadwa ndi mlomo wong'ambika, osamva, ndi a chibwibwi amene anzao amawaseka kusukulu. Wa sitiroko nthawi zina amalephera ndi kumeza komwe: phala limasochera kulowa m'mapapo, nkudwala chibayo. Kuphunzitsa munthu wotere kumeza ndi ntchito ya katswiri yemweyu.

Tsono mwana wa ku Makhanga kapena ku Muona, kutsidya la Shire, apite kwa yani? Ulendo wa ku Blantyre ndi wa ndalama, ndipo chithandizo cha mtundu uwu si jakisoni wobaya kamodzi, chimafuna miyezi. Nchifukwa chake ambiri amathera kwa munthu wa lezala amene amadula kamnofu ka pansi pa lilime, kapena kwa sing'anga amene amaloza agogo ake a mwanayo kuti ndiwo amlodza.

Ena mwa inu mudakhalako zaka zambiri kunja, ndipo mudaona m'mene anzathu amachitira. Ku Britain akatswiriwa adapanga bungwe lao mu 1945, lomwe lero likutchedwa Royal College of Speech and Language Therapists. Mmodzi mwa oliyambitsa anali Lionel Logue, amene ankathandiza Mfumu George VI pa vuto lake la chibwibwi. Ku America bungwe lotere lidayamba mu 1925, ndipo pano lili ndi mamembala opitirira 200,000. Mabungwewa amaunika maphunziro a m'makoleji, amalemba malangizo a kagwiridwe ka ntchito, amasindikiza zofufuza, ndipo amakakamiza boma kutsegula malo a ntchito m'zipatala.

Wina anena kuti ife tili kale ndi Medical Council of Malawi, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Zoona, koma ntchito ya khonsoloyo ndi kulembetsa ogwira ntchito za chipatala ndi kulanga olakwa. Ili ngati wapolisi wa pamseu: amaona laisensi, koma sakuphunzitsa kuyendetsa galimoto, ndipo sakupemphera kuti msewu ukonzedwe. Izo ndi za bungwe la eni ntchito okha, ndipo gawo 32 la malamulo a dziko lino a 1994 limawapatsa ufulu wolipanga ndi kuliyendetsa popanda kugwadira munthu.

Chimene ife a kuchigwa tiyenera kupempha kwa bungwe lotere, choyamba ndi chiyankhulo. Dokotala wa mafupa akhoza kumanga mwendo wa Msena asakudziwa Chisena. Katswiri wa kayankhulidwe sangatero, pakuti chipangizo chake ndi chiyankhulo chenichenicho. Mwana wa ku Nsanje akati "pinthu", mlendo aganiza kuti akulephera kunena "zinthu", chonsecho mwanayo akuyankhula Chisena cholongosoka. Akati "kulonga", winayo amva za kulonga katundu m'thumba. Ngakhale m'Chichewa momwemo, "kuponya" ndi "kuphonya" zimasiyana ndi kampweya chabe, ndipo mayeso olembedwera ana a ku London sayesa zimenezo. Katswiri mmodzi payekha, amene pakhomo pake pali mzere wa odwala, sangapeze nthawi yokonza mayeso a Chisena ndi Chimang'anja. Atagwirizana angathe. Chitsanzo chilipo kale: Malawi Developmental Assessment Tool, njira yoyezera kakulidwe ka mwana, kuphatikizapo kayankhulidwe, idakonzedwa konkuno poyang'ana ana a m'midzi yathu, nkusindikizidwa mu 2010, ndipo maiko ena akuigwiritsa ntchito.

China ndi kuphunzitsa amene ali kale pafupi ndi anthu. Sitipeza katswiri pa chipatala chilichonse mawa lino, tisanamizane. Koma ku Chikwawa, ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje kuli anamwino ndi alangizi a za umoyo amene amayenda m'midzi. Kulinso aphunzitsi a ana olumala ochokera ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Bungwe ndilo lingalembe zimene anthu amenewa angachite okha, monga kuonetsa mayi kakhazikidwe ka wodwala pomudyetsa, ndi pamene ayenera kulekera nkutumiza wodwala kwa katswiri. Lero pali mafoni: mlangizi wa ku Marka akhoza kujambula mwana akuyankhula, katswiri wa ku Blantyre nkumuyankha tsiku lomwelo, koma pafunika wina woika malamulo osunga chinsinsi cha wodwalayo.

Alendo ongodzipereka amabwera, ndipo timawathokoza. Koma amakhala miyezi ingapo nkupita, mapepala ao kutsala m'kabati. Pakhale powalandirira, powauza kumene kuli kusowa, ndi posiyira ntchito yao. Apo ayi onse azingothera m'tauni, kumene kuli magetsi ndi kamphepo kayaziyazi.

Pomaliza, a Tcheyamani, maphunziro. Uganda idayamba kuphunzitsa akatswiri ake pa Makerere University mu 2008. Ife tili ndi Kamuzu University of Health Sciences, ndipo amene angaikakamize kuti isule akatswiri ambiri a ntchitoyi, nkukakamizanso Unduna wa za Umoyo kuti uwalembe ntchito m'maboma, ndi bungwe la eni ntchito. Mbali yathu ndi iyi: tilembere aphungu athu a ku Chikwawa ndi Nsanje afunse mu Nyumba ya Malamulo kuti zipatala za maboma awiriwa zili ndi malo angati a akatswiri a kayankhulidwe, ndipo pakati pathu tisonkhe fizi ya mwana mmodzi woyankhula Chisena amene angakaphunzire ntchitoyi.