Madzi a pamsana: tisazembe ndi mwana kuchipatala

Ine si dokotala. Ndine mnzanu amene ndimaperekeza odwala kuchipatala ndi kuwamasulira, poti ambirife, othawa kwawo ndi ana a anthu amene anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu a Mazowe, Bindura ndi Shamva, timamva bwino nkhani ikakambidwa m'Chichewa.

M'makomboni mwathu anthu amati mwana akamuchotsa madzi a pamsana ndiye kuti wapita, kapena apuwala miyendo. Chifukwa cha mawu amenewa, ndaonapo amayi akubereka mwana wodwala usiku n'kuzemba naye m'wodi.

Dokotala amapempha madziwa akakayikira matenda oumitsa khosi. Matendawa amafanana ndi malungo aakulu, ndipo madzi a pamsana ndi amene amaonetsa ngati alipo komanso kachilombo kamene kawayambitsa. Bungwe la WHO limati mwa anthu 6 odwala mtundu wa matendawa woyamba ndi mabakiteriya, pafupifupi mmodzi amamwalira. Ena amachira koma n'kukhala osamva. Ana ambiri amafika mochedwa, ndiye akamwalira ife timaloza singano, pamene wapha ndi matenda.

Singanoyo amabaya m'munsi mwa msana, pakati pa mafupa awiri, kupitirira pamene mtsempha waukulu wa msana umathera. Amatenga madontho ochepa, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Chovuta n'chakuti msana wa khanda ndi waung'ono, mwananso amapiriphita. Nthawi zina dokotala amabaya kawiri, kapena madzi amatuluka osakanikira ndi magazi.

Apa ndi pamene sikani imathandiza, yonga imene amayi oyembekezera amaunikidwa nayo pamimba. Imagwiritsa ntchito mafunde a mawu, sipweteka. Mafupa a khanda amakhala asanakhwime, choncho dokotala amaona bwino pamene mtsempha wathera, pamene pali madzi, ndi kutalika kwake kuchokera pakhungu. Akatero amaika chizindikiro pamsana n'kubaya pomwepo. Si chipatala chilichonse chili ndi makinawa, ndipo madokotala akhala akugwira ntchitoyi popapasa mafupa ndi zala kuyambira 1891. Kusowa kwa sikani sichifukwa chokanira.

Inu muyang'ane izi: thupi kutentha, kukana bere, kulira kosatonthozeka, tulo tosadzutsika, kukomoka, ndi liwombo kutupa. Khanda nthawi zambiri siliuma khosi, musadikire zimenezo. Liwombo likatupa musataye nthawi kulimata mankhwala. Thamangani kukiliniki tsiku lomwelo, ngakhale kapitawo akudikira kumunda. Akakutumizani ku Bindura Provincial Hospital kapena ku Harare, pitani.

Kumeneko funsani: mukufuna madziwa chifukwa chiyani? Sikani ilipo? Mankhwala ayamba liti? Mwana akafooka kwambiri, dokotala amayamba ndi mankhwala, madzi n'kudzatenga pambuyo. Safunsa anadya phula. Ngati Chishona kapena Chingerezi chikuvuta, itanani mmodzi wa ife odzipereka.

Pomaliza, katemera. Kuyambira 2012 Zimbabwe imapereka katemera wa chibayo amene amatetezanso ku mtundu wina wa matenda oumitsa khosi, mwana akakwana masabata 6, 10 ndi 14. Madzulo ano tsegulani khadi la mwana wanu muone ngati zonse zitatu zinalembedwa. Abambo, khadilo ndi lanunso.