Lilime la Mwana ndi Lilime la Mkulu

 Madzulo ano tikambirane funso ili: nchifukwa ninji mwana amalankhula chinenero chachilendo ngati mbadwa, pamene mkulu, ngakhale adziwe mawu ochuluka, katchulidwe kake kamamuulula kuti ndi mlendo?

Tiyeni tipite ku Utale, m'boma la Balaka, limene mpaka 1998 linali mbali ya Machinga. Ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni kumeneko mu 1908, naphunzira chinenero chathu ali akuluakulu kale. Mzungu wotere amaloweza mawu msanga, koma kusiyanitsa pala ndi phala kumamuvuta. Nawo mtengo wa kutchire ndi mtengo wa pamsika amamveka amodzi m'khutu mwake, chonsecho ife timawasiyanitsa pokweza kapena kutsitsa liwu.

M'dera lomweli Chichewa ndi Chiyao zimakhalira limodzi. Agogo amene anaphunzira Chichewa atakula angathe kunena sikomo m'malo mwa zikomo, pakuti m'Chiyao mulibe liwu la z. Koma mdzukulu wawo wosewera ndi anzake pabwalo amatchula zonse ziwiri mosaphonya. Nafenso Achewa l ndi r amatisokoneza m'Chingerezi, popeza kwathu kuno awiriwa sasintha tanthauzo la mawu.

Akatswiri anafufuza nkhaniyi. Mu 1967 Eric Lenneberg analemba kuti ubongo umalandira chinenero mosavuta kufikira pamene mwana watha msinkhu. Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees a ku Canada anapeza kuti khanda la miyezi 6 mpaka 8 limasiyanitsa maliwu a zinenero zimene silinamvepo, koma pokwanitsa chaka khutu lake limakhala litazolowera a pakhomo okha. Choncho choyamba kuuma ndi khutu, lilime limangotsatira.

Makolo, musaletse mwana chinenero cha amake poopa kuti chimsokoneza kusukulu. Mlekeni amve Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi akali wamng'ono, pakuti kuwongola mtengo mpoyamba. Ndipo inu achinyamata, musamuseke mkulu wophonya katchulidwe. Chamuvuta ndi liwu chabe, osati nzeru, ndipo mukamuseka adzachita manyazi nkuleka kulankhula, ngakhale kuchipatala kumene afunika kufotokoza matenda ake.