Chuku, Chiwindi ndi Ubongo: Mawu kwa Alangizi a Zaulimi

Alangizi ambiri amadziwa chuku ngati chinthu chogwetsa mtengo wa mtedza pa msika. Nkhani imene ikufunika kufika nayo kwa alimi ndi yakuti poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, amawononga chiwindi, ndipo chiwindi chikafooka ubongo nawonso umadwala.

M'chaka cha 1992, Gita Ramjee ndi anzake a pa yunivesite ya Natal anafalitsa zimene anapeza atayeza ana pa chipatala cha King Edward VIII mu mzinda wa Durban. Poizoniyu anapezeka m'magazi kapena mu mkodzo wa ana a magulu onse, ngakhale ooneka athanzi. Koma mwa ana odwala kwashiorkor, poizoni ankatsalira kwambiri m'magazi m'malo motuluka ndi mkodzo. Ofufuzawo anaona kuti ichi ndi chizindikiro cha chiwindi chimene chalephera ntchito yake.

Ntchito ya chiwindi ndi kusefa. Chakudya chikamagayidwa, tizilombo ta m'matumbo timatulutsa ammonia. Magazi ochokera m'matumbo amayamba adutsa m'chiwindi, chimene chimasandutsa ammonia kukhala urea, ndipo impso zimamutaya mu mkodzo. Chiwindi chikauma ndi zipsera, magazi amachilambalala n'kukafika ku ubongo osasefedwa. Kumeneko maselo otchedwa astrocyte amayamwa ammonia, nadzaza madzi, natupa. Poizoni wina wochokera ku tizilombo ta m'matumbo amadzutsanso maselo oteteza ubongo, kutupako n'kuwonjezeka. Madokotala amatcha vutoli hepatic encephalopathy.

Zizindikiro zimayamba mwakachetechete. Munthu amagona masana n'kuchezera usiku, amaiwalaiwala, amalephera kuwerengera ndalama zimene ankawerengera bwino kale. Pambuyo pake manja amagwedera akawatambasula, zolankhula zimasokonekera, mapeto ake n'kukomoka. Kumudzi wodwala wotereyu amatchedwa woledzera, kapena amati walodzedwa, ndipo masiku ofunika amathera kwa sing'anga. N'zomvetsa chisoni chifukwa kuchipatala kuli mankhwala monga lactulose othandiza kutulutsa ammonia kudzera m'chimbudzi, ndipo nthawi zambiri nzeru zimabwerera wodwala akafika msanga.

Chuku sichigwira ntchito chokha. Kachasu, likodzo la m'matumbo lofala m'masikimu a mthirira, ndi kachilombo ka hepatitis B zonse zimawononga chiwindi. Aflatoxin akakumana ndi hepatitis B m'thupi limodzi, chiopsezo cha khansa ya chiwindi chimakwera kwambiri. South Africa inayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 1995, Malawi mu 2002, choncho akuluakulu ambiri amene akulima lero sanabayidwe. Poizoni akachuluka pa nthawi imodzi amapha mofulumira: mu 2004 anthu 125 anamwalira kum'mawa kwa Kenya atadya chimanga cha chuku.

Apa ndiye pali gawo la mlangizi. Mtedza ukumbidwe ukangokhwima, uumitsidwe pa thandala kapena pa mulu wa Mandela, osati pa dothi. Chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti kusenda kufewe chisiyidwe, pakuti chinyezi ndicho chimadzutsa chuku. Chimanga chilowe m'nkhokwe kapena m'matumba chitaumitsitsa. Kuphika ndi kukazinga sikuthetsa poizoniyu.

Vuto lalikulu lili pa zosankhidwa. Mlimi amagulitsa mtedza wabwino, wofota ndi wovunda n'kusinja nsinjiro za phala la ana, chimanga chowola n'kufululira mowa kapena kupatsa ziweto. Ng'ombe ikadya chakudya cha chuku, poizoni amatulukira mu mkaka. Zosankhidwa zotere zitenthedwe kapena zikwiriridwe, ndipo mlangizi akapeza mlimi wa maso achikasu, mimba yotupa ndi mutu wosokonezeka, amulimbikitse kupita kuchipatala tsiku lomwelo.