CIFU CA NKHOSA PA PHWANDO LA ULEMU

Anthu a ku Lundazi adziwa Askoti cifukwa ca amishoni a ku Livingstonia amene anadzamanga pa Chasefu. Koma ndi owerengeka amene adziwa mwambo wao wa pa 25 January. Pa tsiku limeneli, m'caka ca 1759, ku Alloway kunabadwa Robert Burns, mwana wa mlimi wosauka, amene analemba ndakatulo m'cinenero ca kwao. Iye anamwalira mu 1796, ndipo mu 1801 abwenzi ace anayamba kucita phwando lomkumbukira.

Cakudya ca phwandolo ndi haggis. Kaphikidwe kace ndi aka: awiritsa mtima, ciwindi ndi mapapo a nkhosa, nazidula tizidutswa. Asanganiza ndi anyezi, mafuta a nyama, ufa wa oats, mcere ndi tsabola. Zonsezi azilonga m'cifu ca nkhosa cotsuka bwino, nasoka, naboola pang'ono kuti cisaphulike, naciphika m'madzi maora atatu. Acidya pamodzi ndi mbatata ya kacewere yosinja.

Ici cinali cakudya ca amphawi. Komabe acinyamula mwaulemu, woliza citoliro ali patsogolo, ndipo munthu mmodzi anena ndakatulo ya Burns yocitamanda, naciceka ndi mpeni.

Alipo anyamata ena amene akafika ku migodi acita manyazi ndi nthumbwana, cikanda ndi nkhwani wotendera, nataya ndalama zao pa nyama ya m'citini. Askoti sanakane cakudya cimene cinalera makolo ao. Akulu anati: mako ndi mako, angacepe mwendo.