Inhela ikhale m'thumba, osati m'sutikesi

Ine ndimadwala mphumu, ndiye zomwe ndinene panozi si zongomva ayi.

Ndili Fomu 2 ndinkabisa inhela yanga m'sutikesi kuhositelo poopa kusekedwa. M'mawa wina mu Juni, kukuzizira, tikusesa m'kalasi osawaza madzi, pachifuwa panangothina. Anzanga anandigoneka chagada n'kumandikupiza ndi kope, wina ulendo kukatunga madzi. Ankandifunira zabwino, koma ndinapulumuka chifukwa mnyamata mmodzi anakumbukira za sutikesi ija.

Mphumu ikagwira, timachubu ta mpweya m'mapapo timatupa n'kufinyika. Madzi sangatitsegule. Chotsegula ndi salbutamol, inhela ya buluu ija.

Ndiye mnzanu akabanika, mukhazikeni tsonga, osamugoneka, ndipo gulu lipatuke. Khutchumulani inhela, finyani kamodzi akokere mkati, dikirani masekondi 30 mpaka 60, mubwerezenso. Mutha kufika ka 10. Vuto n'loti munthu wobanika amalephera kukoka mpweya nthawi yomwe mukufinyayo, mankhwala n'kuthera pakhosi. Apa botolo la pulasitiki la 500ml limathandiza. Boolani kunsi kwake kuti inhela ilowe mothina, iye aike kukamwa kwa botolo pakamwa pake, ndipo mukafinya kamodzi apume kanayi kapena kasanu. Musaliderere botololi: madokotala a ku Cape Town analiyesa pa ana ndipo linagwira ntchito ngati spacer yogula.

Ngati akulephera kumaliza chiganizo, milomo yatuwa, kapena mwafika ka 10 osasintha, ameneyo ndi wa kuchipatala pompopompo. Wina akaitane aphunzitsi, wina kabaza. Zodikira kuti ahedi atuluke mumiting'i, iyayi.

Kwa inu odwala anzanga, dziwani chimene chimakuyambitsani, kaya fumbi, choko, utsi wa nkhuni kapena chisanu. Ngati ya buluu mukuifuna kupitirira kawiri pa sabata, bwererani kuchipatala. Mwina mukufunika ina yoteteza, monga beclometasone, yopuma tsiku lililonse ngakhale muli bwinobwino, kenako n'kuchukucha m'kamwa. Zoti ukayamba inhela umaizolowera ngati fodya ndi bodza. Mphumu sipatsirananso, ndipo mpira ine ndimamenya.

Sabata ino uzani anzanu awiri ndi mphunzitsi mmodzi thumba limene inhela yanu imakhala. Pa msonkhano wotsatira aliyense abwere ndi botolo lotsuka bwino, tidzaboolere limodzi.