Masamu a ku Yunivesite ndi Ngalande ya Pakhomo

Mawu awa anayankhulidwa pamaso pa makomiti a chitukuko a m'mawodi, makolo, aphunzitsi ndi ophunzira a Fomu 4, pokonzekera nyengo ya mvula.



Chaka ndi chaka, mvula ikangoyamba mu Novembala kapena Disembala, madandaulo ofika ku khonsolo amakhala amodzimodzi: ngalande yasefukira, madzi alowa m'masitolo ku Old Town, msewu wakumbika, mpanda wagwa. Ambiri amaloza chala zinyalala zotayidwa m'ngalande, ndipo sanama. Koma pali funso lina limene limafunsidwa kawirikawiri ndi akatswiri okha: pomanga ngalandeyo, ndani anawerengera kukula kwake, ndipo anawerengera motani? Yankho lake lili m'masamu amene wophunzira wa uinjiniya kapena wa sayansi amakumana nawo m'chaka chake choyamba ku yunivesite. Masamuwa ali ndi nthambi zinayi zodziwika: algebra, trigonometry, calculus ndi modelling. Mayinawa ndi achilendo, koma ngalande imodzi yokha ya mamita 200 ndi yokwanira kusonyeza ntchito ya nthambi iliyonse.

Nthambi yoyamba ndi algebra. Dzinali linachokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr, opezeka pa mutu wa buku limene katswiri wina, al-Khwarizmi, analemba mu mzinda wa Baghdad cha m'ma 820. Algebra ndi luso lopeza nambala yosadziwika pogwiritsa ntchito manambala odziwika. Mongoyerekeza, wodi yapatsidwa K10,000,000 yomangira ngalande. Kalavati ya pamphambano ikufuna K2,000,000, ndipo mita iliyonse ya ngalande ikudya K40,000. Wophunzira amaika chilembo x m'malo mwa kutalika kwa ngalande, n'kulemba kuti 40,000x kuphatikiza 2,000,000 zikwane 10,000,000. Yankho ndi mamita 200. Simenti ikakwera, mita imodzi n'kufika K50,000, ndalama zomwezo zimamanga mamita 160 okha.

Aliyense amene anakhalapo m'komiti ya ntchito mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa kuti nkhaniyi si ya m'kalasi mokha. Mamita 40 otsalawo amakhala pakhomo pa munthu wina wake, amene amadzafuna kudziwa chifukwa chimene ngalande yathera pa mpanda wa mnansi wake. Komiti yodziwa kuwerengera imatha kumufotokozera. Imathanso kuzindikira msanga ngati mamita osowawo aposa amene kukwera kwa mitengo kukanachotsa.

Nthambi yachiwiri, trigonometry, imaphunzitsa mgwirizano wa pakati pa ngodya ndi mbali za chinthu cha makona atatu. Ndi imene imathandiza munthu kuyeza chinthu chimene sangachikwere. Woyeza malo akaima mamita 50 kuchokera patsinde pa nsanja, makina ake n'kusonyeza kuti nsonga ya nsanjayo ili pa ngodya ya madigiri 30, amadziwa kuti nsongayo ili pafupifupi mamita 29 pamwamba pa makinawo, osaponda ndi khwerero limodzi lomwe. Malire a mapuloti a ku Area 10, Area 12 kapena Area 43, pamodzi ndi mabikoni amene anthu amakanganirana, amadalira kuyeza kotereku.

Pa ngalande, trigonometry ndiyo imaweruza nkhani ya kutsetsereka. Ngalande ya mamita 200 yotsika mita imodzi pa mamita 100 alionse iyenera kutsika mamita awiri kuchokera kumtunda kufika kumunsi. Kupendekeka kumeneku n'kongoposa pang'ono theka la digiri imodzi. Palibe diso la mmisiri, ngakhale wokalambira pa ntchito, limene lingaone theka la digiri. Akalakwitsa pochepetsa, madzi amaima, mchenga umadzaza, udzudzu umaswana. Akalakwitsa poonjeza, madzi amathamanga kwambiri n'kukakumba msewu kumunsi. N'chifukwa chake ntchito yabwino imayamba ndi munthu wonyamula makina oyezera, makasu ndi mapiki asanafike.

Nthambi yachitatu ndi calculus, imene ophunzira ambiri amaiopa asanaione n'komwe. Anaikhazikitsa ndi Isaac Newton wa ku England ndi Gottfried Leibniz wa ku Germany, aliyense payekha, m'zaka za m'ma 1600. Imayankha mafunso awiri. Loyamba: chinthu chikusintha mofulumira motani pa nthawi ino yeniyeni? Lachiwiri: tizidutswa ting'onoting'ono tosawerengeka tikaphatikizidwa, timapanga chiyani?

Mvula imasonyeza bwino mafunso onsewa. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi. Choncho denga la mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, likalandira mamilimita 30, limatsitsa malita 3,000, omwe ndi zigubu 150 za malita 20. Mvula imeneyi ikagwa pang'onopang'ono tsiku lonse, ngalande imanyamula madziwo popanda wodandaula. Ikagwa yonse m'theka la ola, madenga ndi misewu yonse ya m'deralo zimakhuthulira madzi m'ngalande nthawi imodzi. Kuchuluka kwa madzi n'kofanana, chasintha ndi liwiro. Injiniya amapima ngalande poyang'ana mphindi imene madzi akulowa mwamphamvu kuposa mphindi zina zonse, ndipo funso loyamba la calculus ndilo limamupezera mphindi imeneyo. Funso lachiwiri ndi limene akatswiri a Lilongwe Water Board amakhala nalo akamaphatikiza madzi olowa ndi otuluka tsiku ndi tsiku m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kuti adziwe ngati mzinda ufika nawo mu Okutobala. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Calculus imawerenga kudumpha kulikonse n'kunena kutalika kwa mtundawo.

Calculus imathandizanso kupulumutsa ndalama za anthu. Mmisiri ali ndi njerwa zokwanira kuyala pansi ndi m'mbali zonse ziwiri za ngalande, mamita awiri zonse pamodzi. Angathe kumanga ngalande yopapatiza, ya masentimita 40 m'lifupi ndi masentimita 80 kuya. Angathenso kumanga yotambalala, ya masentimita 160 m'lifupi ndi masentimita 20 kuya. Zonse ziwirizi zimasiya mpata wa masikweya mita 0.32 wodutsa madzi. Wophunzira wa chaka choyamba amatha kusonyeza, m'mizere inayi kapena isanu ya m'kope lake, kuti mpata umakula kuposa ponse pamene m'lifupi muli kawiri kuya kwake: mita imodzi m'lifupi, theka la mita kuya, mpata wa masikweya mita 0.5. Njerwa ndi zomwezo, simenti ndi yomweyo, koma mpata wakula kuposa ndi theka.

Nthambi yachinayi, modelling, imasonkhanitsa zitatu zija. Ndi luso lojambula chinthu chenicheni m'manambala pofuna kuona kumene chikupita. Mbiri ya mzinda wa Lilongwe ndi chitsanzo chokwanira. Pa kalembera wa 1966, tauni ino inali ndi anthu osakwana 20,000. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano, ndipo boma linasamuka ku Zomba mu 1975. Pofika 1977 anthu anayandikira 100,000. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 670,000, pamene wa 2018 anapeza 989,318. Pakati pa makalembera awiri otsirizawa, mzinda unkakula ndi pafupifupi 3.8 peresenti pa chaka. Nambalayi imaoneka yaing'ono, koma imabala ngati ngongole ya katapira, chifukwa chiwongoladzanja chimaberekanso chinzake. Masamu amasonyeza kuti chinthu chokula motere chimawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 18. Mwana wobadwa m'chaka cha kalembera wa 2018 akamadzamaliza sekondale, angadzapeze mzinda wa anthu oyandikira mamiliyoni awiri, ngati kakulidwe kakhala komweko.

Mawu akuti “ngati” ndi ofunika kwambiri pamenepa. Chithunzi cha manambala chimakhala choona malinga ngati zimene chinakhazikikapo zikadali choncho. Amene anajambula mzindawu anapatula City Centre ndi Capital Hill kumpoto, Old Town kummwera, n'kusiya nkhalango ndi madambo pakati. Mapuloti akuluakulu a ku Area 3, Area 9, Area 10 ndi Area 43 anali ndi nyumba imodzi pakati pa kapinga ndi mitengo, ndipo gawo lalikulu la mvula linkalowa pansi pomwepo. Lero mapuloti ambiri ali ndi nyumba zowonjezera, mabwalo owaka simenti ndi mipanda ya njerwa yotulutsira madzi onse pabowo limodzi. Pa simenti, pafupifupi madzi onse amathamangira kunja. Ngalande imene inali yokwanira mu 1980 ingathe kuchepa lero ngakhale mvula itagwa yofanana ndi ya nthawi imeneyo. Madzi amenewa amatsikira m'mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe, ndipo sasankha dera. Mu Febuluwale 2017, pamene Lingadzi unasefukira, madzi analowa m'nyumba za ku Mtandire ndi za ku Area 47, tsidya lino ndi tsidya lija. Mwini puloti wa kumtunda akamawaka bwalo lake lonse, amakhala akusintha manambala a ngalande ya munthu wa kumunsi amene sanamuonepo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu a m'mawodi angatolepo pa zonsezi.

Choyamba chikukhudza makomiti. Membala wa komiti ya chitukuko safunika kudziwa calculus kuti ateteze ntchito ya m'dera lake. Afunika kudziwa kuti ntchito iliyonse yabwino ili ndi manambala kumbuyo kwake, ndipo ali ndi ufulu wowaona. Pulani ya ngalande ikabwera, mafunso oyenera ndi awa: Madzi olowa m'ngalandeyi akuchokera dera lalikulu motani? Ikutsika mamita angati kuchokera poyambira kufika pothera? Anawerengera mvula yamphamvu motani? Nanga nyumba zimene zimangidwe kumtunda m'zaka khumi zikubwerazi aziwerengera? Injiniya wodziwa ntchito yake amakondwera ndi mafunso otere, pakuti mayankho ake ali nawo kale m'mapepala. Kontirakitala amene akuzemba kuyankha wapereka chenjezo ndalama zisanatuluke. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri chikukhudza ana. Amene amawerengera ngalande, milatho ndi mapaipi a mzinda uno amaphunzitsidwa m'dziko mwathu muno: ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inkatchedwa Polytechnic, ku University of Malawi ku Zomba, ku Mzuzu University, ku MUST ku Thyolo, ndiponso ku LUANAR, ku Bunda, kumene kuli maphunziro a uinjiniya wa zaulimi ndi ulimi wothirira. Khomo lolowera m'maphunziro amenewa ndi kukhoza bwino masamu pa mayeso a MSCE, kumene giredi 1 ndi 2 ndi zapamwamba, ndipo 3 mpaka 6 ndi kirediti. Chomvetsa chisoni n'chakuti ana ambiri amataya mtima pa masamu ali Fomu 1 kapena Fomu 2, pamene zilembo x ndi y zayamba kulowa m'malo mwa manambala. Mwana akaphonya poyambira pamenepo, trigonometry ya Fomu 3 imamukanika, ndipo calculus sadzaiona n'komwe, chifukwa nthambi iliyonse imatsamira pa inzake. Mmera m'poyamba.

Nthawi zambiri mwana amaphunzira kuopa masamu pakhomo, akamamva kholo likunena kuti “kwathu kuno masamu sitikhoza,” kapena kuti masamu ndi a anyamata. Koma mayi wogulitsa tomato mumsika waukulu wa ku Old Town, amene amadziwa pamtima kuti dengu limodzi ligawidwe milu ingati kuti abweze mpamba, ndalama ya galimoto ndi msonkho wa pamsika, akuchita algebra tsiku ndi tsiku popanda kulemba x. Mwana wake wamkazi akhoza kuilemba. Makolo angathandize poona kope la masamu la mwana mlungu uliwonse, ngakhale iwo eni sakumva zolembedwamo, ndi kufunsa aphunzitsi msanga mwana akayamba kutsalira. M'madera onse a mzinda uno mulinso mainjiniya, akauntanti ndi aphunzitsi opuma pa ntchito, komanso achinyamata omaliza maphunziro a ukachenjede amene akudikira ntchito. Makomiti a chitukuko angathe kuwapempha kuti azipereka maola awiri Loweruka lililonse m'kalasi ya sukulu yapafupi, kuthandiza ophunzira a Fomu 1 ndi Fomu 2.

Kwa ophunzira amene mwafika pano, ntchito yoyamba ili pakhomo panu. Mvula yoyamba isanagwe, yezani m'litali ndi m'lifupi mwa denga la kwanu, muwerengere malita amene lidzatsitse pa mvula ya mamilimita 30, kenako mutsatire njira imene madziwo amadutsa kufikira atalowa m'ngalande ya mumsewu. Zimene mupeze mukazipereke kwa aphunzitsi anu ndi kwa komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, chifukwa manambala amenewo ndi omwe khonsolo imafuna polinganiza ntchito za chaka chamawa.