Zimene Anapeza ku Zomba: Mau a Mlembi pa Tsiku la Chikondwerero cha Mvano

 Tithokoze a komiti potipatsa danga ili kuti tilankhulepo za ana athu aakazi ndi sukulu. Ambiri a ife tinalekeza ku pulaimale, ndipo sitidziyesa ophunzira iai. Koma tamva zimene anthu ofufuza a m'mayunivesite anapeza, ndipo taona kuti nkhaniyi ndi yathu ndithu, pakuti ana amene iwo anawawerenga ndi onga amene timawabereka kumbuyo ife.

Tiyambe ndi za kunja. M'chaka cha 1979 mphunzitsi wina wamkulu, a John Caldwell, analemba zimene anapeza m'dziko la Nigeria. Anaona kuti ana a mai amene anapitako kusukulu samwalira kawirikawiri monga ana a mai amene sanapiteko. Chifukwa chake sichovuta kuchimva. Mai wotere akaona mwana watentha thupi amafulumira kunka kuchipatala, amafunsa anamwino mopanda mantha, ndipo amatsata bwino kamwedwe ka mankhwala. M'chaka cha 2010 ofufuza ena anasonkhanitsa mawerengero a maiko 175, nanena kuti pa kuchepa konse kwa imfa za ana aang'ono kuyambira 1970 kufikira 2009, pafupifupi theka linadza chifukwa chakuti amai anaphunzira koposa kale.

Tsono tibwere kwathu konkuno. M'zaka za 2008 ndi 2009, m'boma la Zomba munachitika kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi a Sarah Baird, a Craig McIntosh ndi a Berk Özler. Iwo analemba maina a atsikana osakwatiwa oposa 3,700, a zaka 13 mpaka 22, m'madera 176. Madera ena anasankhidwa mwa maere kuti alandire ndalama, ena osalandira, kuti pambuyo pake ayerekeze magulu awiriwo. Makolo ankalandira madola a ku America 4 mpaka 10 pa mwezi, mtsikana mwini wake nkulandiranso dola 1 mpaka 5 m'dzanja lake. Ena anapatsidwa ndi lamulo lakuti mwana azipezeka kusukulu masiku 8 pa masiku 10 alionse, pamene ena anangopatsidwa popanda lamulo lililonse.

Itapita miyezi 18 anayeza magazi a atsikana amene anali pa sukulu poyamba paja. Mverani bwino apa, amai. Tikawerengera pa atsikana 1,000, kumene kunalibe ndalama anapezeka ndi kachilombo ka HIV anali ngati 30, koma kumene kunali ndalama anali ngati 12 okha. Ofufuzawo ananena poyera kuti sanayeze magazi pa chiyambi, kotero mawerengerowa tiwatenge mosamala. Komabe anaonanso chinthu chimene ife timachidziwa kale m'midzi mwathu. Atsikana olandira ndalama aja sanali kuyenda kwambiri ndi amuna aakulu misinkhu. Mwana akakhala ndi ya sopo, ya mafuta odzola ndi ya makope m'thumba mwake, bambo wa pagolosale alibe pomugwirira.

Anapezanso kuti njira ziwiri zija sizinabale zipatso zofanana. Ndalama za lamulo zinathandiza koposa kuti ana asasiye sukulu ndi kuti azikhoza m'kalasi. Ndalama zopanda lamulo zinathandiza koposa kuchepetsa maukwati ndi mimba, makamaka pakati pa ana amene anasiyabe sukulu, chifukwa iwowa anapitiriza kulandira pamene anzao a lamulo aja anadulidwa. Apa tiphunzirapo kuti mwana amene wagwa pa sukulu ndiye ali pa ngozi yaikulu, ndipo si nthawi yomufulatira iai.

Koma nkhani sinathere pomwepo, ndipo mbali yotsalayi ndiyo yatipweteka mtima. Ndalama zinaleka kumapeto kwa 2009. Ofufuza aja anabwereranso patapita zaka zoposa ziwiri kukaona ana omwewo. Anapeza kuti zabwino zambiri zinali zitazimirira. Aja analandira popanda lamulo anakwatiwa ndi kutenga mimba mpaka kufanana ndi anzao osalandira, ndipo kusiyana kuja kwa matenda sikunaonekenso. Amene anapindula mokhalitsa anali atsikana amene anali atasiya kale sukulu, nabwezedwa m'kalasi ndi ndalama za lamulo zija. Iwowa anapita patsogolo ndi maphunziro, ndipo anali ndi ana ochepa poyerekeza ndi anzao.

Tsono tidzifunse tokha, amai a Mvano. Kodi thandizo lathu silifanana ndi ndalama zimene zinaleka zija? Timasonkha pa tsiku la chikondwerero, nkugulira mwana wamasiye yunifolomu ndi makope, nkujambulitsa naye chithunzi, koma teremu yachiwiri ikafika palibe amene apita kukafunsa ngati akadali m'kalasi. Ife a komiti tivomera kuti cholakwa chimenechi ndi chathunso. Pali ana amene tinawathandiza kamodzi, ndipo lero sitingathe kunena kumene ali. Ena tinangomva kuti ali pa banja, ife nkukavina nawo pa ukwati wao.

Malamulo a dziko ali kumbali yathu. Sukulu ya pulaimale inakhala yaulere m'chaka cha 1994. Boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu. Ndipo m'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Koma lamulo silifika pakhomo kukadzutsa mwana m'mamawa. Amene amafika pakhomo ndife, pakuti timayendera odwala ndi ofedwa sabata ndi sabata, ndipo timadziwa nyumba imene yagona ndi njala.

Chifukwa chake tikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, dera lililonse lilembe maina a atsikana amene asiya sukulu, ngakhale amene ali ndi mwana kumbuyo, ndipo amai awiri akacheze ndi makolo ao pamodzi ndi aphunzitsi aakulu. Chachiwiri, tikasankha kuthandiza mwana, timuthandize kufikira atamaliza. Kuli bwino kugwira ana atatu zaka zinai kusiyana ndi kugwira makumi atatu teremu imodzi. Tisaiwalenso kandalama kochepa ka m'dzanja la mwana mwini wake, pakuti nsalu zake za kumwezi sangapemphe kwa bambo ake. Chachitatu, alangizi athu polangiza anamwali anenenso mau a sukulu, kuti mwana asatuluke m'chilangizo akuganiza kuti chatsala ndi ukwati basi.

Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha. Zopereka zathu ndi zazing'ono, koma zikamabwera mwezi ndi mwezi zidzamufikitsa mwana patali. Buku la maina lili kwa mlembi, ndipo tidzaliwerenga pa msonkhano uliwonse wa mwezi, kuti pa chikondwerero cha chaka chamawa tidzathe kunena kumene mwana aliyense ali. Amene ali okonzeka kuyenda m'makomo aonane nafe tikatha kudya.